Mphepo ya ku Kachulu inadya mawu a amalume

Chikalata cha mpikisano ndinachipeza chitamatidwa pa mtengo wa magetsi kufupi ndi depoti ya mabasi, mbali ina mvula itachifufutitsa kale. Chinkanena za chikondwerero cha mafilimu aafupi opangidwa ndi anthu wamba a muno mu Zomba. Filimu isapyole mphindi 10, ijambulidwe m'boma lomwe lino, ndipo wojambula ndi foni asaope. Mawu omalizawa ndi amene anandiimitsa. Kamera ndilibe, koma foni ndili nayo, ndipo pa zikwati za abale anthu amandiyamikira kuti dzanja langa siligwedera.

Sukulu ya mafilimu sindinapiteko. Ntchito yanga ndi yotaipa ndi kupanga fotokope ku Matawale. Koma munthu wokulira mu Zomba zisudzo sizimusowa. Tinkamva za Travelling Theatre ya ku Chanco, ena mwa ife tinalowako mu Great Hall tili ana asukulu, ndipo madzulo tinkathera m'mavidiyo shoo momwe womasulira amayankhula kuposa osewera. Choncho m'mutu mwanga filimu inali sewero basi, kungoti kutsogolo kwake waimikako kamera. Ndinapita ku maphunziro amene okonza mpikisano anatikonzera ndili ndi mtima wakuti ndikangotolako pang'ono za kagwiridwe ka foni.

Maphunzirowo anali a Loweruka litatu. Mayi amene ankatiphunzitsa anayamba ndi chinthu chimene ndinachiona ngati kutaya nthawi. Anatiikira kachidutswa ka filimu kamene chithunzi chake chinali cha mbuu, koma mawu ali mbee. Tinaonera mpaka pamapeto. Kenako anaika kena kokongola kwambiri, mitundu ili waliwali, koma mawu akumveka ngati munthu akuyankhulira mu ndowa. Mphindi imodzi isanathe ena anali atayamba kucheza. Mayiwo anangoti, “Mwadzionera nokhatu. Diso limapirira, khutu silipirira.” Ndinalemba m'kope mwanga, ndinatseka kopelo, nkhani inathera pomwepo.

Zimene ndinagwiritsa zinali zina. Foni igone chopingasa, osati choimika monga timachitira pa TikTok, chifukwa chinsalu cha mu holo nchotambalala. Tsamba limodzi la sikilipiti, nkhani ya filimu yolembedwa papepala, limadya pafupifupi mphindi imodzi. Anthu awiri akamayankhulana, jambula uli mbali imodzi ya mzere wongoganizira umene ukuwalumikiza, ukauwoloka oonera aona ngati onse akuyang'ana kumodzi. Ndipo chimene chinandisangalatsa koposa ndi nkhani ya mababu. Magetsi athu kuno amayenda pa 50 hertz, ndiye kuti amasinthasintha ka 50 pa sekondi, pamene mafoni ambiri amabwera atatcheredwa kujambula zithunzi 30 pa sekondi. Nchifukwa chake kanema wa m'nyumba usiku nthawi zina amaphethiraphethira kapena kutulutsa mizere. Ukatchera pa 25 vutolo limachepa. Zaka zonsezi ndinkanamizira foni yanga.

Nkhani sindinavutike kuipeza. Amalume anga akhala akupalasa njinga kuchokera ku Kachulu, pa doko la nyanja ya Chilwa, kudzagulitsa matemba mu msika wa Zomba kuyambira ndisanabadwe. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 30, dengu lili pa kaliyala, ndipo chobwera kuno msewu umakwera. Nditawauza anandiyang'ana nthawi yaitali.

“Ndiye anthu akaone chiyani pamenepa? Munthu akupalasa njinga?”

“Akamve za nyanja, amalume. Za chaka chimene inauma chija.”

“Chiti? Yaumatu kangapo.”

Ankanena zoona. Chilwa ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulutsa madzi, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 ambirife tinaona ndi maso athu mabwato atakhala pa matope ong'ambika. Amalume anasankha 1995, chifukwa ndi chaka chimene anakwatira.

Tisanatulutse foni tinakaonekera kwa amfumu ndi ku komiti ya pa doko. Izi anatiumiriza aphunzitsi athu, ndipo ndinaona phindu lake, chifukwa titangofika mnyamata wina anatifunsa ngati tatumidwa ndi bungwe, ndiponso ngati pali kangachepe. Amayi awiri oyanika nsomba anakana kujambulidwa. Mmodzi anati sakufuna nkhope yake izikayenda m'mafoni a anthu osawadziwa. Tinawalambalala, ngakhale kuti thandala lawo ndi limene linali pamalo abwino.

Tinajambula mu Juni. Tinagona komweko, ine ndi mnzanga amene ankandigwirira chikatoni chokutidwa ndi pepala lonyezimira kuti chizibwezera kuwala pa nkhope. Mbandakucha kunali kokongola moti ndinaiwala kuzizira. Chilumba cha Chisi chinali chakuda bii, kumwamba kukufiira, mabwato akubwera limodzilimodzi. Amalume anakhala pa bwato logadabuzika nkuyamba kufotokoza, ndipo anafotokoza bwino kuposa mmene ndinawamverapo. Ine maso anali pa galasi la foni, mtima ukuti mphoto ndatenga kale. Mphepo ya mwera inkawomba, ndinkaimva m'makutu, koma sindinaganize kuti nayo foni ikuimva. Mahedifoni ndinali nawo m'chikwama.

Ndinazindikira titafika kunyumba usiku. Milomo ya amalume ikuyenda, manja akulozera kunyanja, koma chotuluka mu sipika ndi phuu, phuu, ngati munthu akupemerera moto. Apa ndi apo kumamveka liwu limodzi, “matope”, “ng'ombe”, kenako phuu. Mphindi 14 za nkhani yabwino, zonse zitapita ndi mwera. Ndinayesa mapulogalamu ochotsa phokoso mpaka bandulo ya intaneti inatha. Amachotsa kaphokoso kosasintha, monga ka firiji, koma mphepo yomenya pa maiki imaphimbiratu mawuwo, ndipo ukaumiriza munthu amatsala akumveka ngati ali pansi pa madzi.

Apa ndi pamene maphunziro anga anayambira. Ndinatsegula kope lija.

Kubwerera ku Kachulu ndalama inalibe, komanso mphepo ikanatipeza yomweyo. Aphunzitsi aja anandiuza pa foni kuti mawu ndi chithunzi siziyenera kubadwa tsiku limodzi. Ndijambule mawu paokha pamalo abata, kenako ndiwagoneke pansi pa zithunzi za nyanja, za manja, za njinga, bola ndisaonetse milomo. Ndinaitana amalume kunyumba kwathu atamaliza malonda, ndinawalowetsa kuchipinda kumene kuli matiresi ndi makatani kuti mawu asamabwerere, nkuwaikira foni patsogolo. Zinakanika. Anakhala chiwongokere ngati ali pa khoti, nkumayankhula Chichewa cha pa wailesi. “M'chaka cha 1995 tinakumana ndi mavuto osiyanasiyana.” Nditawapempha kuti anene monga ananenera kunyanja anakwiya pang'ono. “Ndinanena kale zimenezo. Iwe sunamve?”

Zinatheka mwangozi patapita masiku anayi. Tcheni cha njinga yawo chinaduka ndipo anagona kwathu. Madzulo ali pakhonde akuchikonza ndinawapempha kuti ndiike foni yachiwiri m'thumba la malaya awo, nditaikulunga mu sokosi kusiya pa maiki pokha pali nsalu imodzi. Anavomera, ndipo posakhalitsa anaiwala kuti ilimo. Sindinawafunse za nyanja. Ndinawafunsa kuti anthu anadya chiyani pa ukwati wawo. Anaseka, nkunena kuti mwana wa msodzi anakwatira ndi ndiwo za nyemba, apongozi mpaka lero amawakumbutsa. Kuchokera pamenepo nkhani inayenda yokha: mmene anayendera wapansi pamalo pamene kale ankapalasa bwato, fungo la nsomba zofera m'matope, anzawo amene anapita kukasaka maganyu ku Mozambique osabwerako. Penapake anasiya kuyankhula, kunangomveka sipanala ikugunda pa simenti, kenako anati, “Madzi aja atabwerera, ine ndinalira.” Chete ameneyo ndinamusiya mu filimu monga analili, masekondi asanu ndi awiri.

Nditalawa zimenezi ndinayamba kuyenda ndi mahedifoni paliponse. Ndinajambula kulira kwa tcheni, kukwekwesa kwa dengu pa kaliyala, matayala pa msewu wafumbi ndi pa tala, phokoso la msika cha m'ma 7 koloko mmawa. Madzi ndinakawajambula ku Likangala, pamalo podekha, ndipo palibe anazindikira kuti si a Chilwa. Ndinaphunziranso kuti malo alionse ali ndi kaphokoso kake ngakhale anthu atakhala chete, ndipo ukapanda kukajambula kwa mphindi imodzi kuti uzitsekera mipata, paliponse pamene wadula pamamveka dzenje. Pojambula ndi mafoni awiri, umawomba m'manja kamodzi kutsogolo kwa kamera, kuti pa kompyuta ulumikize pamene manja akumana ndi pamene mkokomo wadumpha. Kabolodi kaja timakaona akukamenyetsa asanayambe kujambula ntchito yake ndi yomweyi. Ine ndinkayesa nchodzionetsera chabe.

Kudula kunali kowawa mwa mtundu wina. Laputopu inali yobwereka, yoti ndibweze Lolemba, ndipo filimu yoyamba inatuluka ya mphindi 23. Kutuluka kwa dzuwa kuja, kumene ndinkakunyadira, kunatsala masekondi asanu. Mnzawo wa amalume, mkulu wanthabwala wokonza maukonde, anatuluka yense. Nyimbo ndinafuna kuikamo ya woimba wina wotchuka, koma malamulo a mpikisano ankafuna chilolezo cholembedwa, ndipo anatikumbutsa kuti nkhani za umwini wa nyimbo zili ndi bungwe lake la COSOMA. Ndinangoisiya yopanda nyimbo. Mawu a Chingerezi olembedwa pansi pa chithunzi anandidyera usiku wathunthu, chifukwa amalume akatenthedwa amaponyamo Chilomwe, ndipo nthabwala ya nyemba ija m'Chingerezi inangosanduka chiganizo wamba. Filimuyo ndinakapereka pa fulashi. Mnzathu wina anatumiza yake pa WhatsApp ngati kanema wamba, osati ngati dokyumenti, ndipo itafika pa chinsalu nkhope zinali madontho okhaokha.

Tsiku loonetsa holo inadzaza. Kunali ana, amayi a mumsika, anyamata a kabaza, ophunzira a ku koleji atakhala gulu lawo kumbuyo. Chinsalu choyera anachikoka ndi zingwe, masipika anali aja obwereka pa zikwati. Magetsi anathima filimu yachitatu ili pakati, tinadikira jenereta, palibe anadandaula. Aphunzitsi athu anali atatilangiza kuti yako ikamaonetsedwa usayang'ane chinsalu, uyang'ane anthu. Ndinaima pambali pa khoma.

Pa nyemba paja holo yonse inaphulika, mpaka chiganizo chotsatira sichinamveke. Sindinasiyepo mpata woti anthu aseke, chifukwa ndili ndekha pa laputopu sindinkaseka. Pa chete uja panalibe ngakhale wotsokomola, ndipo gogo wina kutsogolo anayankha chinsalu mokweza kuti, “Eetu, zinalidi choncho.” Koma itakwana mphindi yachisanu ndi chimodzi, pamene amalume akupalasa kukwera chitunda, ndinaona timagalasi ta mafoni tikuyaka mmodzimmodzi. Gawo limenelo ndinalisunga lalitali chifukwa ndinalivutikira, ndinalijambula nditakwera kabaza chammbuyo. Anthu analibe nazo ntchito zoti ndinavutika.

Sitinapambane. Inapambana filimu ya mphindi zinayi ya ana a sekondale, ya kamtsikana kodikira pa chigayo magetsi atathima, kakuwerengera ndalama m'manja dzuwa likulowa. Munalibe mawu opitirira khumi. Poyamba mtima unandipweteka, chifukwa chithunzi chawo chinali chogwedera, koma kunena zoona anatiposa. Ankadziwa chinthu chimodzi chimene akufuna kunena ndipo atachinena analeka. Mafilimu ena a makamera odula anali okongola, koma anthu ake ankayankhula ngati akulakatula pa siteji, manja m'mwamba, matenda omwe aja ndinali nawo ine. Chimene sindinakondwe nacho nchakuti zokambirana za pambuyo pake zinayenda m'Chingerezi, ndipo amayi amene anaseka ndi kuyankha aja anayamba kutuluka. Chikondwerero chinali chawo, akanafunsidwa iwo poyamba.

Mmodzi wa oweruza anandipeza panja. Anati mawu a filimu yanga ndi amene anainyamula, koma ili ndi mathero awiri: inatha pamene amalume anati analira, ine nkuipitiriza mpaka kumsika. Anatinso pali malo amodzi pamene munthu akuoneka ali panja koma liwu likumveka kuti lili pafupi ndi khoma. Ndinadziwa malo ake. Ndinkayesa palibe adzamve.

Amalume sanabwere, anati sangasiye malonda chifukwa chokadziona okha. Anandituma kuti ndiwaikire mu memore khadi, ndipo anakaionetsa mu vidiyo shoo ya ku Kachulu Lamlungu lotsatira. Usiku womwewo foni inalira.

“Iwe, mnzanga wa maukonde uja wamusiya kuti? Wabwera ndi banja lake lonse kudzadziona.”

Ndinayesa kufotokoza za mphindi 10.

“Mphindizo ndi za mpikisano wanuwo. Kuno tikufuna yonse. Ubweretse Loweruka, ndipo anthu akuti uikemo nyimbo.”