Ndinapeza nyenyezi ya NBA ndi tepi ya telala

Vuto langa linayamba ndi Hasheem Thabeet. Mu 2009 ndinali ndidakali ku Ndirande, ndipo nditamva kuti mnyamata wa ku Tanzania, wamtali mamita 2.21, watengedwa pa nambala 2 ndi timu ya Memphis pa NBA Draft, mwambo umene matimu a NBA, ligi yaikulu ya basiketibolo ku America, amasankhirapo osewera atsopano, ndinauza aliyense kuti dziko liona zoona. Kamnyamata kena koonda ka ku koleji yaing'ono ya Davidson, kamene kanatengedwa pa nambala 7, ndinati ako mphepo ikagwetsa. Kanali ka Stephen Curry, kamene kanadzakhala katswiri wotchuka, pomwe Thabeet wanga sanapite patali. Alamu anga nkhaniyi saiiwala, amaikumbutsa ngakhale pa maliro.

Titasamukira ku Indiana, ku America, komwe nyumba zambiri zili ndi mkombero wa basiketibolo pamwamba pa galaja, ndinaganiza zoyeretsa dzina langa. Ndinayamba kuphunzira mmene masikauti, anthu amene matimu amawatuma kukasaka osewera m'makoleji, amagwirira ntchito. Chaka chilichonse mu June matimu 30 amasankha anyamata pafupifupi 60 okha, m'magawo awiri. Izi zisanachitike, mu May, anyamatawo amawaitanira ku Chicago kukawayeza: msinkhu atavula nsapato, kudumpha, liwiro, komanso kutalika kwa mikono ataitambasula, kuchokera kunsonga ya chala kufika kunsonga inayo. Za mikonozi n'zimene zinandilowa m'mutu. Pa mayeso ngati omwewa mu 2007, Kevin Durant analephera kunyamula chitsulo cha makilogalamu 84 ngakhale kamodzi, anthu n'kumuseka. Portland inatenga Greg Oden, Durant n'kupita ku Seattle pa nambala 2. Koma mikono ya Durant inali yoposa mamita 2.2, ndipo zimene anachita nayo aliyense akuzidziwa. Ndinati basi, chinsinsi ndachigwira. Minofu ndi yabodza, nkhani ili pa mikono.

Loweruka lina alamu anapeza matikiti a masewera pa koleji ina yapafupi. Ine ndinavala suti ya kutchalitchi, ndinatenga kope, n'kukoleka m'khosi tepi yoyezera ya mayi a kunyumba, amene amasoka zovala. Alamu anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Alamu, tikupita ku mpira kapena ku chinkhoswe?"

Sindinawayankhe. Munthu wa ntchito salimbana ndi anthu ongoonerera.

Tinafika molawirira, anyamata akutenthetsa thupi. Pomwepo ndinamuona. Chimnyamata chachitali, chitaima pansi pa mkombero, mpira uliwonse wogwa chikuwakha ndi dzanja limodzi n'kuponyera anzake osaphonya. Sichinkadzikonda n'komwe, mpira wonse chinkapatsa ena. Ndinalemba m'kope: wodzichepetsa, amaona bwalo lonse, gawo loyamba mosakayika.

Ndinatsikira m'mphepete mwa bwalo n'kumukodola. Anabwera mwaulemu, anayang'ana suti yanga ndi tepi, ndipo ndisanalankhule zambiri anatambasula yekha mikono. Ndinati uyu ndi wozolowera kuyezedwa. Apa ndi pomwe ndinazindikira kuti tepi ya telala imathera pa masentimita 150. Ndinamuuza kuti agwire kunsonga ndi zala, ndinayeza mpaka pachigongono chinacho, ndinaikapo chala changa, n'kuyambiranso. Ndili pakati kuwonkhetsa, mlonda anandigwira paphewa n'kundionetsa njira yobwerera kumpando.

Bambo amene anakhala pafupi nane anali ataona zonsezo. Anandifunsa motsitsa mawu ngati ndine sikauti. Sindinavomere, komanso kunena zoona sindinakane. Ndinangotseka kope pang'onopang'ono. Bambowo ananyamuka n'kubwera ndi soseji ya m'banzi ndi chakumwa, zonse zanga, alamu osawapatsa kanthu. Kenaka anandifunsa maganizo anga pa kamnyamata kena kakafupi, ka miyendo yopyapyala.

Soseji ya ulere imamasula lilime. Ndinawauza kuti kameneko n'kolimbikira, koma mikono ndi yaifupi, mapewa palibe, ndipo makolo ake akanakhala anzeru akanakauza kuti kalimbikire sukulu. Alamu ankandiponda phazi. Ine ndinkayesa akufuna soseji.

Wezulo inalira. Osewera anavula majekete n'kulowa m'bwalo. Nyenyezi yanga inavala jekete, inanyamula matawulo ndi mabotolo a madzi, n'kukakhala kumapeto kwenikweni kwa benchi. Ndinadzilimbitsa mtima kuti mphunzitsi akumusungira chigawo chachiwiri. Chigawo chachiwiri chitafika, analowadi m'bwalo. Analowa ndi chikolopa, kukapukuta thukuta pamene wina anagwera.

Kamnyamata kakafupi kaja ndiye kanali moto. Kakaponya chapatali mpira umalowa, kakalowa pakati pa zimphona kamatulukira mbali ina. Nthawi iliyonse kakagoletsa, bambo a soseji aja ankaimirira n'kukuwa kuti "Mwana wanga ameneyo!", kenaka n'kukhala pansi n'kundiyang'ana. Sanandinyoze. Ankangondiyang'ana, ine ndili ndi banzi lawo m'manja, kulitafuna kukukanika, kulitaya kukukanikanso.

Masewera atatha ndinafuna kuzemba, koma pakhomo ndinakumana ndi chimnyamata changa chikukoka ngolo ya mabotolo. Chinandigwira chanza ndi manja awiri. Chinati chimaphunzira zowerengera ndalama, ndipo kutimuko chimangothandiza, mpira wa mpikisano chinausiya kalekale bondo litavuta. Kenaka chinafunsa kuti suti ituluka liti. Achemwali ake anali pafupi kukwatiwa, m'masitolo simupezeka jekete lomukwana, ndipo mnzake wina anamulonjeza kuti amupezera telala.

Ndisanatsegule pakamwa, alamu anali atapereka kale nambala ya mayi a kunyumba, mtengo n'kukambirana pomwepo.

Suti ija inasokedwadi. Mayi a kunyumba anakamuyezanso okha, atayang'ana m'kope langa n'kupeza kuti malinga ndi masamu anga, mkono wina wa mnyamatayo unali wautali kuposa unzake ndi masentimita 30.