Lachitatu: tamanga sitima tili ku Sandton

Lero kunacha ndi chisanu cha mu June choluma zala. Ndili pamzere wa taxi ku Rosettenville, foni inalira. Unali uthenga wa mawu pa WhatsApp kuchokera kwa amalume ku Monkey Bay, wotalika mphindi 7. Ndinangomva poyambira pokha, "Mphwanga, kuno kulibe choipa," ndipo ndinautseka. Amalume akayamba motero, choipacho chimakhalapo.

Ku ofesi ndinapeza kuli yakaliyakali. Ntchito yanga kwa maloya amenewa ndi kusanja mafayilo ndi kukonza makope, basi, koma lero abwana sanandilole n'komwe kuvula jekete. Amvekere: "Fayilo yonse ikhale itafika ku Durban isanakwane 11, tikumanga sitima lero." Ndinaseka chamumtima. Kwathu kumanga n'kumodzi: umamanga nyumba, umamanga mbuzi pachingwe, apolisi amamanga wakuba. Nkhani ya lero inali ya onse awiri, omanga sitima ndi oimanga.

Kasitomala wathu ndi kampani ya ku Asia yopanga sitima zapamadzi. Inapangira munthu sitima yonyamula katundu, iye n'kuilandira, koma ndalama zotsala akukana kumaliza ati injini ili ndi vuto. Mgwirizano wawo umati mkangano ukabuka ukaweruzidwe ku London ndi anthu osankhidwa ndi mbali ziwirizo, osati kukhoti. Ndiye ife a ku Joni, kumene kulibe ndi doko lomwe, tikulowapo bwanji?

Yankho lili m'lamulo la dziko lino la milandu ya panyanja, Admiralty Jurisdiction Regulation Act la 1983. Limalola munthu kupempha khoti kuti ligwire sitima ngati chikole, ngakhale mlandu weniweniwo ukuzengedwa kunja. Chimene eni sitima amaliopera kwambiri n'chakuti silisamala dzina la kampani lolembedwa papepala. Ambiri amalembetsa sitima iliyonse pakampani yakeyake kuti ngongole ya imodzi isakhudze zinazo. Kuno ukangosonyeza kuti makampaniwo akuwongoleredwa ndi munthu mmodzi, ukhoza kugwira mbale wake wa sitima yolakwayo. Ndiye mbale wakeyo anafika ku Durban usiku wathawu kudzatsitsa katundu.

M'mawa wonse ndinali pamakina a makope, ndipo poti maso salamulika, ndinawerenga mgwirizanowo. Unatengera fomu ya SAJ, bungwe la opanga sitima la ku Japan, imene opanga sitima ambiri a ku Asia amayambirapo polemba yawo. Ndalama sizilipidwa kamodzi. Umapereka posaina, podula chitsulo choyamba, poika msana wa sitima, poitsitsira m'madzi, kenako poilandira. Opangawo akachedwa kupitirira masiku ogwirizana, mtengo umayamba kutsika tsiku ndi tsiku, ndipo akanyanya wogula akhoza kuthetsa zonse. Koma pepala limene abwana amalilemekeza koposa ndi la banki, lolonjeza kubweza ndalama zonse za wogula ngati opangawo alephera. Anandiuzapo za mlandu wa Rainy Sky ndi Kookmin Bank. Kampani ya ku Korea yotchedwa Jinse inagwa m'mavuto a zachuma sitima zisanathe, banki n'kukana kubweza ati kalata yake sinatchule za kugwa kwa kampani. Mu 2011 khoti lalikulu la ku UK linagamula mokomera ogula, linati mawu akamveka pawiri, tsatirani tanthauzo limene anthu amalonda anzeru zawo akanafuna.

Mafayilo anapita nthawi yake. Ndinatenthetsa nsima yanga ya dzulo ndi matemba, n'kukhala kuseri kwa khitchini kumvera amalume.

Nkhani yake nayi. Mwezi wa February anapereka theka la ndalama kwa mmisiri wina kuti awakhomere boti lamatabwa lopherera usipa. Anagwirizana kuti litha isanayambe mwera. Mwera wafika, boti lili nthiti zokhazokha pamchenga, ndipo amva mphekesera kuti matabwa awo akhomera boti la munthu wina amene analipira zonse pamodzi. Pangano linali lapakamwa, mboni ndi mlamu wawo, amenenso ndi mnzake wa mmisiriyo pabawo. "Iwe uli kwa maloya, tandiuza ndichite chiyani," anatero, ngati kuti ine ndimavala mkanjo wakuda.

Ndinakhala phee. Zonse zimene ndinawerenga m'mawa, amalume analibe ngakhale chimodzi: tsiku lolembedwa, kulipira pang'onopang'ono motsatira ntchito, wina wolonjeza kubweza. Koma sindikuwaseka ayi. Mwini sitima wa kufayilo kuja ali ndi masamba oposa mapemphero a chaka chonse, ndipo nayenso ali pamlandu.

Chinandibwerera m'mutu ndi Ilala. Inapangidwa ku Glasgow, ku Scotland, ndi kampani ya Yarrow mu 1949, n'kubwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, ndipo inayamba kuyenda panyanja yathu mu 1951. Ndinakulira kuiona ikukocheza ku Monkey Bay osaganizako kuti inalinso ndi mgwirizano wake, ndi anthu amene anawerengerana zitsulo kuti zafika zonse. Malawi analowa m'pangano la New York la 1958 mu 2021, lija lothandiza kuti chigamulo cha kudziko lina cha oweruza osankhidwa ndi mbali ziwiri, osati a khoti, chigwire ntchito kwanu. Izo n'za akuluakulu. Za amalume zikathera kwa amfumu.

Cha m'ma 3 koloko loya wa ku Durban anaimba kuti chilolezo chatuluka. Sherifu anali atanyamuka kale kupita kudoko kukamata chikalata pasitima ndi kudziwitsa kaputeni. Ndinaganizira amalinyero ali m'katimo, osadziwa n'komwe za ngongole ya sitima imene mwina sanaikwerepo. Abwana akuti kawirikawiri sizitenga masiku ambiri, chifukwa sitima yoima imadya ndalama usana ndi usiku, ndiye mwiniwake amathamangira kubweretsa kalata ya chikole kuti aimasule. Pofika 5 koloko maloya ake anali atalemba kale imelo, mwaulemu kwambiri.

Madzulo ndinaimbira amalume ndili m'taxi. Ndinawauza kuti apite kwa amfumu ndi mmisiriyo, zimene agwirizane zilembedwe m'kope la sukulu, tsiku lomaliza lionekere, ndipo asaperekenso ngakhale tambala boti lisanalowe m'madzi. Ndinawafotokozeranso za sitima ya ku Durban, kungofuna kuwasangalatsa. Anakhala chete pang'ono, kenako amvekere: "Mphwanga, mmisiri uja ali ndi bwato lake pagombe pompano. Ndiye ukuti ndikalimange?"

Ndinawaletsa. Sindikukhulupirira kuti andimvera.