Ka GPS kazimanso, ndipo waya sitinawotcherere

Mtima sunakhazikikebe chifukwa cha mnyamata wa pagaraja ina cha ku Lumumba Road, ku Lusaka. Ndinali ndisanatsike n'komwe panjinga yamoto, ndangonena kuti ka GPS kanga, kachipangizo kondilozera njira, kakumazima kokha ndili pamsewu, iye ali chikhalire patayala n'kuyankha kuti, "Batire yatha, bosi. Yatsopano tili nayo." Nditamuuza kuti njinga ikulira ndikangodina sitata, anangoti, "Ndiye katayeni kachinthuko, masiku ano aliyense akuyendera foni."

Aliyense wa m'tauni, mwina. Operekera anthu chakudya ku Kabulonga ndi ku Woodlands foni imawakwanira. Ine ntchito yanga ndi yoyendera alimi kuseri kwa Chongwe mpaka ku Rufunsa, ndipo ukangosiya tara wa Great East Road n'kulowa m'tinjira ta ngolo, netiweki imabwera mwa apo ndi apo. Inde foni imatha kusunga mapu, koma muyimange pamahandulo dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, muone mmene imatenthera. Mvula ikayamba, galasi lake silimvanso chala. Ka GPS kanga kamamva masetilaiti amene ali kumwamba makilomita oposa 20,000, ndipo kakangogwira 4 kamandiuza pamene ndaima. M'katimo muli minda ya anthu, mijigo, ndi malo amene mtsinje umawolokeka dzinja. Munthu angandiuze bwanji kuti ndikataye, asanakaone?

Vuto lake limabwera chonchi: ndikuyenda bwinobwino, pagalasi pamatuluka uthenga woti magetsi a panjinga aduka, kenaka kamayamba kudya kabatire kake ka m'kati. Kabatireko n'kokalamba, sikachedwa kutha. Nthawi zina magetsi amabwerera okha. M'mawa kanazima nditangodutsa pahampu ya ku Chelstone, kanayakanso ndikuzungulira raundabauti, ndipo zimenezi n'zimene zimandisokoneza, chifukwa chinthu chakufa chimafa basi, sichichita kubwerabwera.

Ndinali nditayamba kale kukankha njinga kuti ndizipita pamene madala ena anatuluka kuseri atanyamula mita yoyezera magetsi, yomatidwa tepi kumsana. Ndi eni malowo, kwawo ku Katete, ndinawamvera pakalankhulidwe. Sanandifunse zambiri. "Mwana wanga, chotsani mpandowo tione." Njinga ili chozima batire inaonetsa mavolti 12.6. Anandiuza kuti ndilize ndi kukoka mafuta pang'ono, mita n'kukwera kufika pa 14.1. Anaitembenuzira kwa mnyamata uja osanena kanthu. Batire ili bwino, ndipo regulator, kachipangizo kowongolera magetsi opita kubatire, ikutchaja mmene iyenera kutchajira.

"Atate, ndiye n'chiyani?"

"Tiyambira kubatire, tithera kumahandulo. Osadumpha."

Anagwedeza manati a pabatire, anali olimba. Anatsegula kabokosi ka fyuzi kamene kali pawaya wofiira. Fyuzi sinapse, koma timano toigwira tinali titayasama, moti inkagwedera m'kati. Anatipana ndi pulayasi. Kenaka anachotsa ka GPS pachogwirira chake n'kundionetsa timapini tolumikizira magetsi, tina titachita zobiriwira, fumbi la Lusaka litaumbika m'mbali. Anatipukuta ndi kamswachi koviika mu sipiriti n'kudina kamodzikamodzi ndi chikhadabo kuti aone ngati tikubwerera. Kena kankabwerera mwaulesi. Apa ine ndinati basi tapeza, koma iwo anapukusa mutu.

Pakati pa zonsezi anayamba kukangana ndi mnyamata uja, ndipo mkanganowu unatenga nthawi kuposa ntchito yeniyeniyo. Mnyamata akuti, "Ba mudala, tingolumikiza kuwaya wa nyali yakutsogolo, nkhani ithe." Madala anakana kwamtuwagalu. Akuti njinga zing'onozing'ono zambiri nyali yake imadya magetsi a AC, osinthasintha mbali, ochokera ku stator (makoyilo opanga magetsi m'injini) osadutsa kubatire, ndipo magetsiwo amakwera ndi kutsika motsatira injini, choncho kabokosi ka pawaya wa GPS kotsitsa mavolti 12 kukhala 5 sikangakhalitse. Mnyamata n'kuti ndiye zikhale mmene zilili, molunjika kubatire. Madala akuti zimenezonso zili ndi msampha wake: njinga ikaima masiku ambiri, kabokosi kaja kamapitiriza kuyamwa pang'onopang'ono, tsiku lina udzapeza sitata ikungoti tche. Iwo akufuna waya wodutsa pakiyi, ndi relay (kaswichi koyendetsedwa ndi magetsi), kuti ukazimitsa njinga zonse zizime. Ine ndinangoima pamenepo, mkwiyo uja ukutsika, chifukwa mnyamatayo ankamvetsera ndithu ndipo mafunso ake sanali opusa. N'chifukwa chake zikundiwawabe. Nzeru ali nazo, koma ine atandiona anaona munthu wogula batire.

Chimene chinaulula zonse n'chinthu chosafuna ngakhale mita. Madala anayatsa ka GPS, n'kundiuza kuti ndikhotetse mahandulo kumanzere mpaka kumapeto. Kanazima. Kumanja, kanayaka. Kumanzere, kanazimanso. Anatsata waya ndi zala kuchokera pansi pa thanki mpaka pakhosi pa njinga, pamene amene anamanga poyamba anaukoka kwambiri n'kuumangirira ndi kalamba ka pulasitiki osasiya mpata woti uzipinda. Kunja waya unali wosalala, wopanda bala. Ataupinda pamenepo unangoti lende. "Uli ngati nzimbe yofumbwa," anatero, "khungu labwino, m'kati mulibe kanthu." Atausenda, tinsambo tambiri ta kopa tinali titaduka, totsala tikungokhudzana mwamwayi. Ndiye hampu iliyonse, dzenje lililonse, kona iliyonse, magetsi amaduka n'kubwerera.

Apa mpamene tsiku linandithera. Magetsi kunalibe m'dera lonselo, chowotcherera waya chili gwa kuzizira. Madala anadula pothyokapo, anawonjezera kachidutswa kuti waya ukhale ndi mpata, anapota ndi zala n'kukulunga tepi. Anandiuza mosabisa kuti zimenezi n'zongofikira nazo kunyumba, panjinga waya wopota sukhalitsa chifukwa cha kunjenjemera kwa injini. Ndalama anakana, akuti ndidzalipire ntchito ikadzatha. Ndinachita manyazi kuumirira.

Pobwerera ndinadzera ku Kalingalinga dala, kumene mahampu ndi maenje sasowa. Kanayenda bwino mtunda wautali, mtima n'kuyamba kumasuka. Ndiye pahampu ina uthenga uja unatulukanso, kamphindi chabe, n'kuchoka. Mahandulo anali owongoka. Ndaganizira zimenezi madzulo onse, nsima ndadya osaimva kukoma. Kodi ndi pamene apota paja payamba kale kumasuka? Kapena ndi kapini kaulesi kaja, kamene kakudumpha njinga ikagunda? Ngati ndi kapini, kuwotcherera waya sikuthetsa kanthu, pafunika chogwirira china, ndipo za mtundu umenewu sindinazionepo ku Kamwala kapena ku Town Centre. Mwinanso ndi zonse ziwiri. Mayi a kunyumba akuti ndikudandaula ngati wadwala ndi mwana, koma iwo sanasocherepo m'tchire la ku Rufunsa dzuwa likulowa, mafuta ali pa rizevu.

Lolemba alimi akundidikira ndi nkhani ya mbewu, mvula isanagwe. Madala ati ndipite m'mamawa ngati magetsi abwera, ndipo ndikufuna ndiwapemphe tiike kapepala kopinda kuseri kwa ka GPS kuti kakanikize timapini, tione ngati uthengawo usiya. Ndayamba kukopera manambala a malo ofunika m'kope kuchitira mwina, koma ndi ambiri ndipo maso akulemera. Uthenga wopita kwa abwana wopempha kuti ulendo usunthe ndaulemba theka, sindikudziwa ngati nditumize kapena ndidikire kaye za mawa.