Mdzukulu wa makilogalamu 20

Lolemba ndinangokhalira kudzaza malipoti, palibe chokamba. Nkhani inayamba Lachiwiri pa sikelo ya ana, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika.

Ife alangizi a zaumoyo maso athu anazolowera kusaka mwana woonda. Tepi ya MUAC, yoyezera kunenepa kwa mkono wa mwana, ikagwa pofiira, osafika masentimita 11.5, zochita timazidziwa: kalata ya kuchipatala, kenako chiponde. Koma mwana akanenepa mopitirira, tepiyo imangoonetsa zobiriwira, amayi n'kumasirira.

Kunabwera agogo ena ndi mdzukulu wa zaka zitatu. Makilogalamu 20! Nditamuyeza msinkhu ndinaona kuti thupilo lathamangira patsogolo.

"Agogo, m'mawa amadya chiyani ameneyu?"

"Tiyi wa shuga ndi mandasi awiri, alangizi. Bambo ake ali ku Joni, amatumiza. Ndiwo zamasamba sazifuna, ndiye ndimukakamize ngati tikuvutika?"

Ndinayamba ndawayamikira kaye. Ukalasa mawu akuti "wanenepetsa" pagulu, mwezi wamawa sabweranso. Komanso sindingawadzudzule. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, pomwe onenepa kwambiri ndi 5 okha. Munthu amene anaona njala ya 2002 ndi maso ake, ukamuuza kuti mdzukulu achepetse kudya amakuyesa mfiti.

Choncho Lachitatu, pophika ndi amayi a m'mudzimo, za kuchepetsa sindinazitchule. Tinakamba za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, tinaphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro, futali wa mbatata yofiira m'kati ndi bonongwe wotendera. Mdzukulu uja anamaliza futali yense, agogo akuyang'ana kumbali ngati sakuona.

Lachinayi kunagwa mvula, njinga inakana matope.

Lachisanu ndinapita kupulayimale. Kunena zoona, ana ambiri akumudzi sasowa majowajowa, poti amatunga madzi, amaweta mbuzi, sukulunso ili kutali. Amandidetsa nkhawa ndi a pamsika, amene amaweruka ndi firizesi kumanja, chibwente kumanzere, n'kukathera m'nyumba ya kanema. Ine ndi aphunzitsi tinajambula phada pabwalo, atsikana anayambitsa fulaye, anyamata anamanga mpira wachikulunga.

Pobwerera ndinakumana ndi agogo aja kuchigayo.

"Alangizi, shuga ndachotsa sipuni imodzi. Koma za mandasi sitinagwirizane."