Mpatuliro umasintha tanthauzo m'Chingerezi

Dzulo usiku ndinakhala pansi ndi mwana wa mchemwali wanga amene akukonzekera mayeso a MSCE, ndipo tinatha ola lathunthu pa mipatuliro iwiri yokha.

Ndinamulembera kuti "My brother who lives in Zomba is a nurse." Apa achimwene alipo angapo, ndiye mawu akuti "who lives in Zomba" akusonyeza kuti tikunena uti. Ukawachotsa, womvera asokonezeka. Koma mu "My brother, who lives in Zomba, is a nurse," mchimwene ndi mmodzi basi, za ku Zombazo n'zongowonjezera. Ndipo pakati pa mipatuliropo "that" salowapo ayi m'malo mwa "who".

Atagwira mfundo, anafufuta yekha zolakwika m'kope mwake. Aphunzitsi athu, chonde musamathamange pa mutu umenewu, ana ambiri amangoika mipatuliro mwachisawawa.