Tsiku limene ndinasambitsa Afalansa ndi shampeni wawo

Ndalama ya sukulu imene ankatipatsa ku France inkatha mwezi usanafike pakati. Ndiye itakwana Seputembala ndinatsatira anzanga kukagwira ganyu yokolola mphesa kufupi ndi Épernay, m'chigawo cha Champagne. Kumeneko lamulo salola makina. Mphesa za shampeni amadula ndi manja, uli chiweramire mpaka msana kuiwala kuti unkawongoka.

Mwini munda anali mkulu wina wandevu zoyera, wokonda kuphunzitsa munthu asanafunse. Tsiku lina anatitsitsira m'chipinda chapansi chokumbidwa m'mwala wa choko, mozizira bwino, momwe mabotolo anagona mizeremizere. Anatiuza kuti dzina loti shampeni ndi la vinyo wa m'chigawo chawo chokha, wina aliyense akafune lake. Vinyoyo amawira kawiri, kachiwiriko ali kale m'botolo lotseka atamuthira shuga ndi yisiti, ndiye mpweya umasowa kothawira. Botolo silituluka isanathe miyezi 15. Ananenanso kuti mpweya wa m'botolomo umaposa wa m'tayala la galimoto pafupifupi katatu. Pamenepo ndinagwedeza mutu mwanzeru zedi, koma mtima unali pa nkhomaliro.

Zokolola zikatha amachita phwando lotchedwa cochelet. Patebulo panali nyama ya nkhumba ya ku Reims, mabisiketi apinki olimba amene amawaviika mu shampeni, ndi tchizi cha Langres, chafungo lofika munthu asanachione, chokhala ndi kadzenje pamwamba. Ine ndinkayesa kuti mwana wina wachidinda ndi chala, moti ndinachikankhira kutali mwaulemu.

Kenako abwana anaimirira n'kunena kuti botolo loyamba atsegule mlendo wochokera kutali kwambiri. Maso onse kwa ine. Botolo lozizira linali m'ndowa ya ayisi pambali pawo, koma ine pofuna kuonetsa changu ndinatola lomwe linatsala pazenera, lothera tsiku lonse padzuwa.

Tsono ine maukwati a ku Lilongwe ndadya ambiri. Ikafika nthawi ya shampeni, ngakhale kambiri amakhala madzi amphesa opanda mowa, botolo amalikhutchumula DJ akuwerenga, anthu n'kululutira. Ndinalikhutchumula ndi manja onse, m'chiuno ndikuthandizira. Ndinaona abwana akukweza manja, pakamwa yasa. Ndinati eya, akusangalala. Ndinawonjezera.

Nditangomasula kawaya, phuu! Chitsekero chinachotsa chipewa pamutu pa abwana, chinakagunda kudenga, n'kudzatera mumphika wa supu. Galu anatuluka osatsanzika. Thovu linayamba kutumphuka, ndipo nzeru inandiuza kuti nditseke ndi chala chachikulu. Abale, musadzayesere. Chala chija chinangothandiza kuti shampeni afikire aliyense mofanana, kuyambira dalaivala wa thirakitala mpaka mkazi wa abwana amene anali atangochokera kosaluni. Nditaona kuti chala chalephera, ndinavumata botolo. Shampeni analowera kukamwa n'kutulukira m'mphuno.

M'nyumba monse zii, kupatula ine ndikutsokomola. Agogo, mayi awo a abwana, anadzuka pang'onopang'ono, madontho akutsika m'magalasi. Anatenga mbale ya tchizi ndinakankha ija n'kuitchera pansi pa botolo.

"Mwana wanga, kotsalako thira m'kadzenjemu. Ndi ntchito yake."

Kani kadzenje kaja amakasiya dala, ndipo anthu amathiramo shampeni asanadye! Ndinathira timadontho tomwe tinapulumuka, anthu n'kuphulika nako kuseka.

Abwana atavuula chitsekero musupu, anatenga botolo lozizira lija. Analipendeketsa, anagwira chitsekero nganganga, n'kumapotokola botolo osati chitsekero. Linangoti fuu, osadontha ngakhale kamodzi. Usiku wonsewo ine anandipatsa ntchito yodula buledi, agogo atakhala pambali panga kuyang'anira mpeni.