Tapeza madzi: Lachisanu langa ku Rishon LeZion

Ndinakulira ku Chikwawa, ndiye za kutentha musandiuze, koma dzuwa la mu Ogasiti ku Israel lili ndi mtima wina. Limabwera ndi chinyezi cha kunyanja, malaya n'kumamatira kumsana usanayende n'komwe. Tsiku lotere ndi limene ndinasankha kukaona mzinda wa Rishon LeZion, makilomita pafupifupi 8 kummwera kwa Tel Aviv, abwana a pa famu pomwe ndimagwira ntchito atatipatsa mpumulo wa Lachisanu lonse.

Chinandikokera kumeneko ndi mawu awiri okha. Mnzanga wina wa pa famupo, mbadwa ya mzindawu, anandionetsa chizindikiro cha kwawo n'kundiwerengera zolembedwapo: matzanu mayim, kutanthauza kuti "tapeza madzi". Ndi mawu a pa Genesis 26:32, aja anyamata a Isake anabwera nawo atakumba chitsime. Ine amene ndaonapo mudzi wonse ukuvina tsiku limene mjigo unalavula madzi koyamba, ndinafuna kuona anthu amene anaika mawu amenewa pa chizindikiro cha mzinda wawo.

Chitsime chimene anthu oyambitsa mzindawu anakumba chilipo mpaka lero, pakati pa tauni yakale, kufupi ndi msewu wa Rothschild. Mzindawu unayamba ngati mudzi pa 31 Julayi 1882, pamene Ayuda khumi ochokera mu ufumu wa Russia, a gulu la Hovevei Zion (kutanthauza "Okonda Ziyoni"), motsogozedwa ndi Zalman David Levontin, anakhazikika pa malo amene anagula otchedwa Ayun Kara. Kwawo kunali kutabuka ziwawa zopha Ayuda kuyambira 1881. Dzina la mudzi analitenga pa Yesaya 41:27, "woyamba ku Ziyoni". Koma ambiri mwa iwo khasu sankalidziwa, dothi linali mchenga, ndipo madzi ankachita kukatunga kutali pa ngolo. Anakumba, ndalama zinatha, madzi osaoneka. Mmodzi wa iwo, Yosef Feinberg, anapita ku Ulaya kukapempha thandizo, ndipo Baron Edmond de Rothschild, Myuda wolemera wa ku Paris, anapereka ndalama zopitirizira kukumbako. Madzi anapezeka mu Febuluwale 1883, pansi pa mamita opitirira 40.

Ndinakhala pamenepo nthawi yaitali. Kenako ndinazungulira sunagoge wamkulu amene anayamba kumumanga mu 1885, sukulu ya Haviv ya mu 1886 imene amati ndiyo yoyamba kuphunzitsa maphunziro onse m'Chihebri, ndi nyumba zakale zofululira vinyo wa Carmel. Nkhomaliro ndinadya falafel, timipira tokazinga ta nandolo za kuno m'kati mwa buledi, mashekeli 25. Kabotolo ka madzi mashekeli 8! Mukamabwera nyamulani botolo lanu, madzi a pampopi amamweka bwinobwino. Ndalama ya kuno ukayamba kuitembenuza m'makwacha chakudya chimakanika kutsika pakhosi.

Tsono vuto linadza madzulo. Ndinkadziwa kuti Lachisanu mabasi ambiri ndi sitima zimaima chifukwa cha Sabata, koma ndinkayesa zimaima dzuwa likamalowa. Ayi ndithu, zimayamba kutha dzuwa likadali pamwamba, ndipo sizibwerera mpaka Loweruka usiku. Ndinafika pa siteji cha m'ma 4 koloko, basi yanga yomaliza itapita kale. Khadi langa lolipirira basi la Rav-Kav linali ndi ndalama, koma pokwera panalibe. Wa takisi wina anandiuza mashekeli 250, osatsitsa ngakhale imodzi. Zimenezi zimandiwawa mpaka pano: munthu wa galimoto yake Sabata silimuvuta, amene amavutika ndi ife antchito obwera, komanso okalamba ndi osauka a konkuno.

Ndinakhala pa benchi, foni itatsala pang'ono kuzima, madzi atatha. Masitolo anali kutseka motsatizana. Ndiye panatulukira agogo ena aakazi, akukoka kangolo ka zogula, tsitsi loyera ngati thonje. Anandiyang'ana, nayang'ana chikwangwani cha mabasi, n'kupukusa mutu. Anayankhula Chihebri, sindinamve. Anayesa chiyankhulo china, ndinazindikira kuti ndi Chirasha. Kenako anangotulutsa botolo la madzi m'kangolo kaja, kunditsegulira, n'kuima pompo mpaka nditamwa theka. Atatero anandikola dzanja ngati mdzukulu wawo, kuloza nyumba ya nsanjika tsidya la msewu.

Kwathu mlendo sakana akaitanidwa ndi wamkulu. Ndinawanyamulira kangolo kaja mpaka pa nsanjika yachitatu. Anandikhazika pa tebulo, kundipatsa msuzi wofiira wa bitiruti, mbatata ya kachewere ndi buledi wakuda, ndipo mbale ikangotsika ankawonjezera. Ndinkangoti "zikomo agogo", iwo n'kumabwereza "agogo, agogo" akuseka. Mdzukulu wawo, mnyamata wa zaka ngati zanga, atafika ndiye tinayamba kumvana m'Chingerezi.

Agogowo anafika mu 1991 kuchokera ku Ukraine, Soviet Union ikugwa, ali ndi masutikesi awiri ndi mwana mmodzi. Kwawo anali injiniya. Kuno anayamba ndi kukolopa m'maofesi. Anati amadziwa nkhope ya munthu amene sakudziwa kuti agona kuti. Anthu ngati iwowa ndi amene anakulitsa mzindawu. Mu 1948 munali anthu pafupifupi 10,000, unakhala mzinda mwalamulo mu 1950, ndipo lero muli anthu opitirira 250,000, umodzi mwa mizinda isanu ikuluikulu ya dzikoli. Muli zidzukulu za ochokera ku Yemen, Morocco, Iraq ndi Romania, ndipo ku dera la Ramat Eliyahu kuli Ayuda ambiri ochokera ku Ethiopia. Kumadzulo kumene kunali milu ya mchenga yokhayokha tsopano kuli nyumba zazitali mpaka kufupi ndi nyanja.

Ndinafunsa za anthu amene analipo kale m'derali. Mnyamatayo sanazembe. Anati Aluya ambiri ankagwira ntchito m'minda ya mphesa ya Ayuda oyamba aja, ndipo midzi yoyandikana nayo monga Bayt Dajan ndi Sarafand inatha pa nkhondo ya 1948, eni ake n'kukhala othawa kwawo. Pa zikwangwani zimene ndinawerenga tsikulo nkhani imeneyi sindinaione, ndipo ndikuona kuti inayenera kukhalapo. Tinakhala chete pang'ono, agogo akutsuka mbale.

Kunja kutada, mnyamatayo anatenga makiyi a galimoto. Banja lawo silisunga Sabata mokhwima, choncho kuyendetsa sikunali vuto. Ulendo wa mphindi 40 anakana ngakhale ya petulo. Pa khomo agogo anandipatsira buledi wotsala m'pepala, ndi botolo lija atalidzazanso. Lili pa windo la chipinda changa ku famu, ndimapita nalo kumunda m'mawa uliwonse.